Kapinga Wofewa ndi Makope 62 a Delbert

A Delbert Crutchfield sanali munthu wa njuga, ndipo mukadawatchula choncho akadakutulutsani m'nyumba mwawo khofi musanamalize. Wanjuga, iwo amatero, ndi uja amasankha kavalo chifukwa dzina lake lafanana ndi la galu wake. Iwo anali wofufuza. Kwa zaka 31 ankapita ku bwalo la mipikisano la kwawo ku Lexington, nyengo ya Epulo ndi ya Okutobala, ndipo chilichonse chimene maso awo anaona kumeneko chinalowa m'kope: kavalo wakuti anathamanga mtunda wakuti, anayamba mwaulesi, anatha mpweya pokhota pomaliza, wokwera wake anali wolemera mwakuti, kapinga anali wouma kapena wofewa, mphepo imachokera kuti. Makopewo anafika 62, awiri pachaka, ndipo anadzaza chipinda cha alendo pamodzi ndi milu ya nyuzipepala za akavalo zimene zinali zitayamba kununkha nkhungu. Phindu la ntchito yonseyo mwina likadagula matayala awiri a galimoto, koma zimenezo sitinkawauza.

Vuto linabwera ndi maliro. Mwezi wa Ogasiti mlamu wawo, a Lurlene, anaferedwa amuna awo ku Paducah, nyumba inagulitsidwa, ndipo zinagwirizanika kuti mayiwo abwere kudzakhala ndi mng'ono wawo, a Wanetta, akazi a Delbert. Nyumba ya a Crutchfield inali ndi zipinda ziwiri zokha zimene munthu akadagonamo kupatula cha eni ake. China chinali cha makope, china chinali kachipinda kamene a Wanetta ankasokeramo, momwe munali mashini awo ndi nsalu zimene anasonkhanitsa moyo wawo wonse. Aliyense wa awiriwa ankaona kuti chipinda cha mnzake ndicho chinali chodzaza ndi zinyalala.

Anakangana milungu isanu ndi umodzi, osakweza mawu, monga amachitira anthu amene akhala m'banja nthawi yaitali. A Wanetta ankaika mbale patebulo mwamphamvu pang'ono, a Delbert ankatsegula nyuzipepala mokokomeza pang'ono. Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, kutatsala sabata imodzi kuti alamu afike, a Delbert anatulutsa mfundo yawo yanthawi zonse, yakuti m'makopemo muli nzeru zimene sizingagulidwe kulikonse.

A Wanetta anazimitsa moto pansi pa mazira n'kutembenuka.

“Bambo a Darlene, ngati m'makope mwanumo muli nzeru, tiyeni tiziyese. Loweruka lino, mpikisano wachisanu ndi chiwiri. Inu musankhe kavalo wanu, ine ndisankhe wanga. Wanu akafika patsogolo pa wanga, mashini anga apita kuchipinda cha pansi kumene kumalowa madzi kuja, ndipo achemwali agona mosokeramo. Wanga akafika patsogolo, makope onse akwera galimoto ya zinyalala Lolemba.”

A Delbert anaika foloko pansi. Mayi ameneyu pa zaka zonsezi anali asanapondeko ku bwalo la akavalo, ndipo ankati fungo lake limawakumbutsa khola la agogo awo. Anafunsa kawiri ngati akunenadi zoona. Kenaka, poti anali munthu wa malamulo, anawonjezera mfundo ziwiri: maina alembedwe papepala Loweruka pa kadzutsa, aikidwe m'chitini cha shuga, osasinthanso, ndipo amene kavalo wake sathamanga, pa chifukwa chilichonse, waluza. A Wanetta anavomera zonse, koma anati nawonso ali ndi mfundo yawo imodzi, yakuti tsikulo apitire limodzi ndipo akhale pamodzi kuyambira m'mawa mpaka mpikisano utatha. A Delbert anaganiza kuti akuopa kuberedwa, ndipo anawamvera chisoni.

Mpikisano wachisanu ndi chiwiriwo unali wa pa kapinga, njira ya mkati ija, osati ya dothi yozungulira kunja, ndipo a Delbert anadzitsekera m'chipinda masiku awiri kuupenda. Anthu ambiri akadathamangira kavalo wotchedwa Quick Deacon, amene anali atapambana kawiri motsatizana. Koma a Delbert anaona chimene ena sankaona, kuti maulendo onse awiriwo kapinga anali wouma gwa. Maso awo anagwera pa Lord Tipperary, kavalo wobadwira ku Ireland, wa ziboda zazikulu zophwatalala ngati mbale zodyera. Pa nthaka youma mkuluyu ankathamanga ngati wakakamizidwa, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi, moti anthu anamutaya kale. Koma kumunsi kwa mbiri yake, m'timalemba ting'onoting'ono timene aulesi sawerenga, munali kupambana kutatu, konse pa kapinga wofewa. Chimene chinkafunika chinali mvula basi.

Lachitatu madzulo, ku mapemphero a pakati pa sabata ku tchalitchi chawo cha Baptist, abusa atafunsa ngati alipo amene ali ndi chopempha, a Delbert anaimirira n'kupempha kuti mpingo ukumbukire alimi amene akusowa mvula. Alimi atatu amene anakhala pa benchi ya kumbuyo, omwe chimanga chawo chinali chitauma kudikira kukolola, anawayang'ana ndi maso oti akadakhala panja zikadavuta. Abusa anapempherera mvulayo ndithu, poti pempho ndi pempho. A Wanetta anangoweramira m'buku lawo la nyimbo, mapewa akugwedera.

Ndipo Lachisanu masana mvula inabweradi. Inagwa mwaulemu, yowaza, yolowa pansi bwinobwino, n'kusiya dzuwa lisanalowe. A Delbert anaima pakhonde manja ali m'thumba, nkhope ikuwala ngati mvulayo aigwetsa ndi iwo.

Loweruka kutangocha anali kale pa geti ya kumbuyo kwa bwalo, ndodo yawo ili m'manja. Ndodoyi inali chitsulo cha ambulera yakale, chimene anachilemba mizere itatu ndi tupa. Ikalowa pansi mpaka mzere woyamba, kapinga ndi wabwino; mpaka wachiwiri, ndi wofewa; za mzere wachitatu sankakonda kuzikamba. Anthu wamba saloledwa kuponda kapinga wa mpikisano, koma a Delbert anali ndi mnzawo wa kusukulu, a Lonzo Purnell, amene ankayendetsa thalakitala yosalaza njira ya dothi, ndipo kwa zaka zambiri ankawalowetsa pakona ya kutali kumene mabwana safikako m'mawa.

A Delbert anagwada, analowetsa dzanja pansi pa mpanda, nabaya. Mzere wachiwiri ndendende. Anayenda mapazi makumi awiri, nabayanso. Wachiwiri.

“Achimwene, lero Lord Tipperary adya anthu,” anatero, akupukuta ndodo pa buluku.

A Lonzo analavula pansi n'kuyang'ana kumadzulo. “Mdala, iwe umabaya pansi chaka ndi chaka, kumwamba umayang'anako? Bondo langa landisautsa chiyambire dzulo.”

A Delbert anawauza kuti bondo la munthu wa zaka 70 si wailesi, ndipo wailesi yeniyeniyo yanena kuti kukhala mitambo ya apa ndi apo. Anabwerera kunyumba akuimba kamluzu.

Pa kadzutsa panali masikono otentha ndi msuzi wa soseji, chakudya chimene a Wanetta ankaphika pa masiku apadera okha, koma a Delbert sanadzifunse kuti lero n'lapadera bwanji. Analemba dzina la kavalo wawo ndi zilembo zikuluzikulu, akazi awo analemba lawo, mapepala analowa m'chitini, kenaka anawatulutsa kuti aliyense aone la mnzake. Pa pepala la a Wanetta panalembedwa kuti Oleander Road.

A Delbert anafufuza dzinalo pa ndandanda osalipeza. Analipeza pansi penipeni, kunsi kwa mzere wakuda, ndipo anaseka mpaka kutsamwa ndi sikono. Atamwa madzi anayamba kuphunzitsa, poti kuphunzitsa ankakukonda kuposa kupambana. Akavalo a kunsi kwa mzere, anafotokoza, ndi odikirira chabe. Eni ake safuna kuti aponde kapinga. Amathamanga pokhapokha ngati mvula yachuluka kwambiri mpaka akuluakulu a bwalo asamutsa mpikisano kuchoka pa kapinga kupita pa njira ya dothi, kuopa kuti ziboda zingawononge udzu. Kupanda apo amangokhala m'khola kudya msipu. Ndiponso kavalo ameneyu, taonani nokha, wathamanga kasanu ndi kamodzi pa dothi louma, sanaposepo nambala 5.

“Mayi a Darlene, sindikufuna kukuberani. Lamulo ndi lamulo, koma lero ndikulolani musinthe.”

“Kuwerenga ndimatha, bambo. Malizani kudya, msuzi ukuzizira.”

Kunja dzuwa linali likuwala pa masamba onyowa. A Delbert anayamba kale kuganiza za amene angawathandize kutsitsa mashini osokera pa masitepe, ndipo kunena zoona mtima unawapweteka pang'ono, chifukwa ankadziwa mmene akazi awo ankakondera kachipinda kaja. Koma unawapweteka pang'ono chabe.

Anafika ku bwalo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. A Wanetta anavala diresi yawo yabuluu ya ku tchalitchi, nanyamula kachipewa ka pulasitiki m'chikwama, ndipo a Delbert anawayendetsa paliponse ngati mwini malo: apa ndi pamene akavalo amamangidwa zishalo, apo ndi mawindo obetchera, uyo ndi wokwera wakuti amene amachedwa kutulutsa chikwapu. Anthu owadziwa ankadabwa kuwaona ali ndi mayi, ena mpaka kufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Mpikisano woyamba unatha dzuwa likadalipo. Pa wachiwiri kunachita mdima kumadzulo. Pa wachitatu madontho anayamba, ndipo a Delbert anamwetulira n'kunena kuti kapinga akungofewerako, zonsezi n'zokomera Lord Tipperary.

Pa wachinayi kumwamba kunang'ambika. Sinali mvula yaulemu ya dzulo ija. Inali yothira ngati ndi ndowa, yochita thovu m'ngalande, moti anthu a zipewa zokongola anathamangira pansi pa denga akukuwa. A Delbert anasiya kumwetulira. Ankayang'ana kapinga, kenaka kumwamba, kenaka wotchi, milomo ikuyenda. Munthu amene Lachitatu anaimirira pamaso pa mpingo kupempha mvula tsopano anali kupempha chamumtima kuti yakwana, zikomo kwambiri, ingosiyira pomwepo. A Wanetta anavala kachipewa kawo, anagula mbale ya msuzi wotentha wa nyama ndi mbatata, n'kumadya mosafulumira.

Mpikisano wachisanu utatha a Delbert analephera kupirira. Anasiya akazi awo pa benchi, anatsikira ku mpanda mvula ikuwakwapula, n'kukodola a Lonzo amene ankadutsa pa thalakitala atavala chijasi chachikasu. Anawapatsa ndodo ija kuti akabaye pakona. A Lonzo anapita, anabwerako, n'kuibweza. Matope anali atapitirira mzere wachitatu mpaka kufika pa chogwirira.

“Ndinakuuza za bondo, aise,” anatero a Lonzo. “Paja unapemphera ndiwe eti? Nkhani yafika mpaka ku makola kuno. Ulendo wina uzinena kuchuluka kwake.”

A Delbert asanafike n'komwe pa benchi, chimkuzamawu chinakhosomola n'kulengeza chimene mtima wawo unkadziwa kale. Mpikisano wachisanu ndi chiwiri wachotsedwa pa kapinga, uchitikira pa njira ya dothi, imene tsopano inali phala lokhalokha. Kenaka anawerenga maina a akavalo amene eni ake awatulutsa, asanu ndi mmodzi, Quick Deacon ali m'gulu lomwelo. Lord Tipperary sanatchulidwe. Mphunzitsi wake anali atachokera naye kutali, ndipo sanafune kubwerera osathamanga. Pomaliza mawu aja anati Oleander Road walowa, avala nambala 14.

“Ndiye kuti wanga uja watuluka m'khola?” anafunsa a Wanetta, akupukuta pakamwa.

A Delbert anangogwedeza mutu. Anayesa kudzilimbitsa mtima kuti chofewa ndi chofewa, ziboda zazikulu zija zigwirabe ntchito. Koma zaka 31 sizinama. Ankadziwa bwino lomwe kuti kavalo wothamanga pambuyo pa anzake pa kapinga amangolandira timaudzu kumaso, pamene pa dothi lonyowa amalandira matope odzaza mafosholo, m'maso, m'mphuno, m'kamwa. Ndipo Lord Tipperary, amene chizolowezi chake chinali kuyamba kumbuyo n'kudzathamanga kumapeto, anali asanalaweko zimenezo chibadwire.

A Wanetta anapempha kuti awaonetse mobetchera. Anatulutsa madola awiri m'chikwama, anatchula nambala 14 momveka bwino ngati akuitanitsa nsalu m'sitolo, ndipo mayi wa pawindo anawayang'ana mwachifundo. A Delbert nawo anabetcha wawo, chifukwa cha ulemu chabe.

Akavalo asanu ndi awiri anatuluka mvula itachepako. Lord Tipperary anali wokongola zedi, wofiirira wowala, khosi lopindika, akuponda matope mosankha ngati bwana wovala nsapato zatsopano. Oleander Road anali kakavalo kotuwa, kowonda m'chiuno, khutu limodzi logwa, koma kankavinavina m'madzimo, wokwera wake akuchita kulimbana nako. A Delbert ataona kuvinako anayang'ana kumbali.

Belu linalira, zitseko zinatseguka, ndipo kotuwa kaja kanatuluka ngati kaponyedwa ndi legeni. Pofika pokhota poyamba kanali patsogolo ndi mpata wokwana akavalo awiri, kokha koyera, wokwera wake malaya akuonekabe mtundu. Ena onse kumbuyo anasanduka bulauni, anthu ndi akavalo omwe, moti wolengeza ankachita kuganizira kuti uyu ndi ndani. A Delbert kavalo wawo anamuzindikira mosavuta. Anali uja wa kumapeto, mutu ali nawo m'mwamba, akuupotoza uku ndi uku kuzemba matope, nkhope yake ikunena poyera kuti iye sanabwere ku America kudzachitidwa chipongwe chotere.

“Tsitsa mutu, chitsiru iwe,” anatero a Delbert chapansipansi, osakuwa, poti ankadziwa kuti sizithandiza.

Pokhota pomaliza akavalo awiri anayesa kufinya, koma Oleander Road anangotambasula miyendo n'kuwasiya. Anadutsa pa mzere womalizira ali yekha, khutu lija likupepeluka. Lord Tipperary anafika wachisanu ndi chiwiri pa akavalo asanu ndi awiri, mochedwa moti a Lonzo anali atayatsa kale thalakitala. A Wanetta sanalumphe, sanakuwe. Anangopinda tikiti yawo kawiri, anaiika m'buku la nyimbo limene linali m'chikwama, n'kunena kuti akavalowa amathamanga msanga kusiyana ndi mmene ankaganizira.

Pobwerera anadutsa mphambano zitatu, a Delbert ali pa chiwongolero. A Delbert zinawawawa, ndipo chinkawawawa kwambiri si kuluza kokha ayi, koma kuti aluza kwa munthu wongolota. Zaka 31 za kugwada m'mame, makope 62, zonse zagonja kwa mayi amene mwina anakonda dzinalo chifukwa ndi la maluwa. Pa getsi lofiira lachinayi anafunsa, maso ali kutsogolo, kuti kodi kavaloyo anamusankha bwanji.

“Kope la 34,” anatero a Wanetta. “Tsamba lake ndinalipinda pakona. Getsi lasintha, bambo.”

Atafika kunyumba a Delbert sanavule n'komwe jekete yonyowayo. Analowa m'chipinda cha alendo, anasuntha milu iwiri ya nyuzipepala, n'kusolola kope la 34, la Okutobala zaka 14 zapitazo. Anali asanalitsegulepo chiliikire pa shelefu. Kunena zoona, makope akale onsewo sankawatsegula. Ankalemba, n'kuika, n'kugula lina. Tsamba lopindidwalo linali lodzaza ndi zolemba zawo zomwe, zothamanga, za munthu wosangalala:

Lachitatu. Mvula tsiku lonse. Wachisanu ndi chitatu wachoka pa kapinga. Miss Oleander, wamkazi, wotuwa, zaka zinayi, pa dothi louma ndi wachabechabe, lero wapambana ndi mpata wokwana akavalo asanu ndi anayi, matope amawamwa ngati mkaka. Amayi ake analinso chimodzimodzi. Zili m'magazi. Ana ake adzakhala a matope. OSAIWALA.

Mawu omalizawo anali atawadula mizere itatu kunsi. A Delbert anakhala pansi pa mulu wa nyuzipepala. Anatulutsa ndandanda ya lero m'thumba, yonyowa, n'kuyang'ana timalemba ta pansi pa dzina la nambala 14, pamene amalembapo makolo a kavalo. Mayi wake: Miss Oleander. Anali atayang'ana tsamba limenelo masiku anayi osaona, chifukwa kavalo wa kunsi kwa mzere sankamuwerengera.

Ndiye kuti makope sananame. Anadumpha kuti akanene zimenezo, kuti mwaona, nzeru zija ndi izi, simungataye chinthu chimene chakupambanitsani. Koma maso awo anagwera pa mzere wina kumunsi kwa tsambalo, wolembedwa ndi cholembera china, mwina atafika kale kunyumba:

Tinakondwerera ndi Lonzo. Amayi kunyumba sakuyankhula, avala diresi yatsopano. Mwina ndi chimfine.

Anayang'ana pamwamba pa tsamba, pamene ankalemba tsiku. 12 Okutobala. Anakhala akuliyang'ana tsikulo kanthawi, likuwavuta ngati nkhope ya munthu amene umamudziwa koma dzina lakuthawa. Kenaka anayang'ana pa ndandanda ya lero. 12 Okutobala.

A Wanetta anali ataima pakhomo, akadali m'diresi yabuluu.

“Tinkakwanitsa zaka 25 tili m'banja tsiku limenelo,” anatero. “Ndinakudikirani ku lesitilanti ya a Benedetti maola awiri. Woperekera zakudya anandibweretsera buledi katatu, kachitatuko sanandiyang'ane kumaso. M'mawa mwake inu mutapita ku ntchito ndinalowa muno, ndinati ndimudziwe mkazi mnzangayo dzina lake. Ndinamupeza. Chiyambire pamenepo, nyuzipepala zanuzi mukazisiya patebulo ndimayang'ana ana ake. Uyu ndi wachinayi. Atatu oyamba aja mvula ikagwa ankapambana, inu muli pomwepo, mukubetcha ena.”

Chimene chinatuluka m'kamwa mwa a Delbert chinali funso la munthu wofufuza, poti chizolowezi sichifa msanga: nanga anadziwa bwanji kuti mvula ichuluka chotero?

“Sindinadziwe. Ndine mneneri ine? Mashini ndinali nditawamanga kale m'nsalu, pitani mukaone. Ndinangoti kukuitanirani ku lesitilanti n'kutaya nthawi, bola ndikutsatireni kumene mumapezeka pa 12 Okutobala. Ndipo lero mwakhala nane kuyambira kadzutsa, mwandigwira dzanja pokwera masitepe, mwandionetsa kwa anzanu. Zaka 39, bambo a Darlene. Mvulayo munaitana ndinu.”

Manyazi amene anawagwira a Delbert sanali a kuluza aja ayi, anali ena, olemera. Anatsitsa kope la 36, natsegula pa tsiku lomwelo: kapinga wouma, amayi aphika keke, palibe mlendo. La 40: amayi agula maluwa okha, ndalama zikungowonongeka. La 52: masikono ndi soseji pakati pa sabata, kaya kwagwanji. Zonse anaziona, zonse anazilemba mosamala, monga ankalembera mphepo ndi kulemera kwa wokwera. Munthu yekhayo amene anawerengapo makope amenewa anali ataima pakhomo, ndipo anali atawerenga mpaka kumunsi kwa masamba.

Sanapemphe kuti chigamulo chisinthe, ndipo pa chimenecho tiwapatse ulemu wawo. Anavula jekete, anapita ku galaja kukatenga makatoni, n'kuyamba kulongedza kuyambira kope loyamba. A Wanetta anawathandiza, koma la 34 analichotsa pa mulu n'kulikhumbatira, akuti limenelo likhala m'dirowa mwawo ngati umboni. Makatoni atafika asanu ndi anayi pakhonde, kudikira Lolemba, a Delbert anasamba, anavala tayi, n'kuimba foni ku lesitilanti ya a Benedetti. Mwana wa mwini wake ndiye anayankha, ndipo anati tebulo lilipo ngati afika isanakwane sikisi.

Asanatuluke anang'amba tsamba limodzi m'kope la 62, limene linali pamwamba pa katoni yomaliza. Analemba 12 Okutobala ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake OSAIWALA, nadula mizere itatu, n'kuwaonetsa akazi awo monyadira.

A Wanetta anavala magalasi, anawerenga, n'kuwabwezera. “Za Miss Oleander munalembanso chomwechi.”

A Delbert anaima ndi pepalalo pakati pa khitchini, akuyang'ana uku ndi uku. Kenaka anapita kuseri kwa chitseko kumene ankaimika ndodo ya ambulera ija, anaipukuta matope, anakulunga pepalalo pa chogwirira n'kulimata ndi selotepu mozungulira kasanu, tsiku likuonekera kunja. A Wanetta anadikira mpaka amalize, kenaka anawapatsa makiyi a galimoto n'kuwauza kuti lero buledi alipira ndi iwo a Wanetta, ndi madola amene Oleander Road wawapambanitsa.